Kashopu koika nyimbo pa Nchalo kandibwezera zimbale zanga

Abale anga okonda nyimbo, lero ndati ndikuuzeniko za kashopu kena pa Nchalo komwe amaika nyimbo mu memori khadi ndi mu fulashi, ma burning centre aja. Kali kuseri kwa ogulitsa kaunjika, chitseko chabuluu, mkati muli kompyuta imodzi, sipika yaikulu, benchi ndi kafani komwe kamangozunguza mpweya wotentha womwewo, pajatu kuno ku Chigwa dzuwa silinyengerera munthu.

Makaseti anga anapita ndi madzi a Januwale 2015. Anali mu katoni ya sopo pansi pa bedi kwathu kufupi ndi Bangula, madzi ataphwa ndinawapeza ali matope okhaokha, matepi atatuluka nkupiringizana. Anzathu anataya nyumba, mbuzi, ena mpaka abale awo, ndiye sindikanayamba kudandaula za makaseti pagulu ayi, koma mumtima zinkandiwawa ndithu chifukwa ndinawatolera limodzilimodzi kuyambira ndili mnyamata.

Chiyambireni ndayenda malo ambiri oika nyimbo ndipo vuto lake ndi limodzi. Ukawapatsa khadi amangokudzazira nyimbo mazanamazana zosakaniza, ya kutchalitchi kenako amapiano kenako ina yoduka pakati, ina DJ akukuwa dzina lake pamwamba pa woimba. Ine zimenezo zimanditopetsa. Chimbale chili ngati ulendo wa pansi, woimba anakhala pansi nkuganiza kuti iyi iyambe, iyi itsatire, iyi itsekere, ndipo ife amene tinakulira pa kaseti timadziwa kuti nyimbo iyi ikatha ikubwera ndi iti, khutu limakhala layamba kale kuidikira.

Mnyamata wa pa Nchaloyu anandigwira mtima ndi funso lake loyamba. Anati, "Madala, mukufuna nyimbo kapena chimbale?" Ndinati chimbale mphwanga, chonse, mwa ndondomeko yake. Anatsegula foda, nditaona ndinangoti eee, woimba aliyense ali ndi malo ake, mkatimo zimbale zili pazokhapazokha, nyimbo zili ndi manambala.

Choyamba kupempha chinali Kuimba 1 cha Evison Matafale, cha 1999. Chimbale chimenechi ine ndimachiika pamwamba pa zonse ndipo sindikambirana ndi munthu. Mawu a mkulu uja anali ndi kulemera kwina kwake, amaimba ngati munthu amene wadwalapo, wavutikapo, ndipo akudziwa kuti nthawi yake ndi yochepa. Anatisiya mu Novembala 2001 atangotipatsa Kuimba 2, anyamata a Black Missionaries a ku Chileka nkupitiriza mndandanda wa Kuimba uja, ndimawalemekeza kwambiri ndipo ndavinako nyimbo zawo, koma zimbale ziwiri zoyambazo zili ndi moto wakewake. Mnyamatayo asanakopere anayamba waseweretsa poyambira pa nyimbo iliyonse kuti ndimve ngati ili bwino, itafika yachitatu ndinangokhala chete pa benchi paja, maso ali pansi, ndikuona malemu achimwene anga akubweza tepi ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire.

Kenako Lucius Banda, amene timamutcha Soja, zimbale zake Son of a Poor Man ndi Cease Fire. Soja atamwalira mu Juni 2024 aliyense ankaliza nyimbo zake, mu minibasi, pa kabaza, m'magolosale, koma zinali zomwezomwezo zodziwika kwambiri, pomwe zina zokoma zili mkatikati mwa zimbale zoyambirira zomwe ana a masiku ano sanazimvepo. Ndinaonjezera Prisoner cha Lucky Dube chifukwa ndi chimene chinandiphunzitsa kukonda rege, komanso Allan Namoko wa gulu la Chimvu River, mkulu wosaona uja wa ku Thyolo kumapiri timawaona tikayang'ana kummawaku. Banjo yake ikalira madzulo kunja kukuzizirako pang'ono, bambo anga amasiya zonse nkukhala pa mkeka.

Zosakoma ziliponso, ndisakubisireni. Nyimbo za Namoko anazijambula kuchokera pa kaseti yotopa, ziwiri zikumveka ngati mvula ikugwa pa malata, iye anandiuziratu ndipo sanandilipitse pa zimenezo, apo ndamuyamikira. Magetsi anathima tili pakati, alibe sola kapena jenereta, ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Ngati mukuchokera kutali ngati ine, kudutsa Ngabu yonse, pitani mmawa. Komanso khadi kagulenitu pena podalirika, iye amagulitsa koma anavomera yekha kuti ena sakhalitsa.

Chimene chinandipweteka kwenikweni nchakuti nditafunsa za kwathu konkuno, ulimba, utse, nyimbo za Chisena ndi Chimang'anja zomwe timavina pa maukwati, anapukusa mutu, alibe ngakhale imodzi. Zaku Nigeria ndi ku South Africa zadzaza kompyuta, sungura ya ku Zimbabwe iliponso yambiri, koma ulimba umene ukulira kumudzi kwa agogo ake mulibe. Sindikumuimba mlandu yekha, anthu safunsa ndiye iye asungirenji, koma tinakambirana nthawi yaitali ndipo anati ndikapeza zojambula ndimubweretsere aziika mu foda yakeyake.

Mtengo ndi womwewo wa malo ena onse, sakweza chifukwa choti wakusanjira bwino. Amene mumakonda kumva chimbale kuyambira koyamba mpaka kotsiriza pitani, mumuuze dzina la woimba ndi chimbale chake, musamufulumizitse. Ine ndibwererako mwezi ukatha, pali ukwati wa mwana wa alongo anga ku Tengani ndipo oimba ulimba adzakhalapo, foni ndaichotsa kale zithunzi kuti malo ojambulira akwane.