Game Boy Advance yoikidwa sikirini ya IPS: mmene ikuchitira patapita miyezi

Patapita miyezi makina a m'manja osewerera magemuwa akugwira ntchito pafupifupi tsiku ndi tsiku, sikirini ya IPS (sikirini yamakono yokhala ndi nyali kumbuyo) ikadali yowala monga tsiku loyamba, ndipo ndalama zake sizinalowe m'madzi. Chimene chavuta ndi njira imene moto umadutsamo kuchokera ku mabatire. Sikirini yatsopanoyi imakoka moto wambiri, choncho imaulula zofooka zonse zimene sikirini yakale inkabisa.

Makina amene tikukamba ndi AGB-001, mtundu woyamba wa Game Boy Advance, amene Nintendo inatulutsa mu 2001. Sikirini yake yoyamba inali ya madontho 240 ndi 160, yopanda nyali kumbuyo, moti osewera ankachita kusakasaka zenera kuti aone. M'malo mwake munalowa IPS ya mtundu umene ogulitsa amautchula kuti V2, imene imajambula dontho lililonse la gemu ndi madontho anayi, choncho chithunzi sichitambasuka mopotoka. Musanaitanitse, suzumirani m'chipinda cha mabatire muone nambala yolembedwa pa bolodi. Ikayamba ndi 0, riboni yake (lamba wolumikiza sikirini ku bolodi) ndi ya mapini 40. Ikayamba ndi 1, ndi ya mapini 32. Kumbuyo kuli masikuluu asanu ndi limodzi a mutu wa mapiko atatu ndi imodzi ya mtanda yobisala pansi pa mabatire. Musayese kumasula a mapiko atatuwo ndi nsonga ya mpeni, mitu yake ndi yofewa ndipo imadyeka msanga.

Pa chithunzi pali zinthu ziwiri zimene diso limayamba kuona chisangalalo chikazizira. Choyamba ndi mitundu. Opanga magemu ambiri ankadziwa kuti sikirini ndi yamdima, ndiye ankawalitsa mitundu mwadala. Pa IPS mitundu imeneyo imafuula, udzu umabiriwira mopitirira. Magemu amdima ngati Castlevania: Circle of the Moon ndiwo amapindula kwambiri, chifukwa zinthu zimene zinkabisala m'makoma tsopano zimaoneka. Chachiwiri ndi kuphethira. Sikirini yakale inali yochedwa kusintha, ndipo opanga magemu ankagwiritsa ntchito kuchedwako: ankayatsa ndi kuzimitsa chinthu mofulumira kuti chioneke ngati choonekera mkati. Mapu aang'ono a mu F-Zero: Maximum Velocity ndi chitsanzo chodziwika. IPS ndi yachangu, imaonetsa kuphethira konseko, ndipo mukasewera nthawi yaitali pamatsala kamthunzi pamalopo. Kamthunziko kamafufutika kokha mukasintha gemu kapena kuzimitsa kwa kanthawi, musathamangire kugula sikirini ina.

Tsopano nkhani ya moto. Ndi sikirini yakale, mabatire awiri a AA ankatha pafupifupi maola 15. Ndi IPS yembekezerani theka lake kapena kucheperapo, makamaka ngati kuwala mwakukweza komanso mukugwiritsa ntchito katiriji ya memori khadi, imene nayonso imadya moto wake. Mabatire otchipa a zinc-carbon, aja timaika mu wailesi ndi mu tochi, sakwanitsa n'komwe: makina amayaka, chizindikiro cha Game Boy chimabwera, kenako n'kuzima ndi kuyambiranso. Amene akhalitsa bwino ndi otchaja a NiMH a 1900 kapena 2000 mAh. Koma ali ndi khalidwe lake. Lililonse limapereka mavoti 1.2, awiri 2.4, pomwe kanyali ka makinawa kamasanduka kofiira moto ukatsika pang'ono chabe pansi pa pamenepo. Ndiye kamafiira msanga pomwe mabatire akadali ndi mphamvu yambiri.

Apa m'pamene ambiri amanamizira mabatire, pomwe wolakwa ndi switchi yoyatsira. Mkati mwake muli timizere tachitsulo timene tadetsedwa ndi litsiro ndi dzimbiri la zaka zoposa makumi awiri. Litsirolo limatchinga moto. Tiyerekeze kuti switchi yafika pa maomu 2 ndipo makina akukoka 150 mA: pamenepo patayika mavoti 0.3 moto usanafike n'komwe pa bolodi. Sikirini yakale inkakoka pang'ono, kutayikako sikunkaoneka. Chizindikiro chake n'chosavuta: gwedezani switchi pang'ono makina ali oyaka. Kanyali kakamasinthasintha, kobiriwira kofiira, vuto lili pomwepo.

Kudonthezera mankhwala kunja kwa switchi n'kuisuntha kangapo kumathandiza kwa masabata ochepa, kenako matenda amabwerera. Chokhalitsa ndi kuitsegula. Chotsani bolodi, imene imagwidwa ndi masikuluu a mtanda awiri kapena atatu. Switchi ili ndi kachivundikiro kachitsulo kowotchereredwa mbali zonse ziwiri. Tenthetsani mbali imodzi ndi soldering iron ya nsonga yaing'ono pa madigiri pafupifupi 350, mukweze pang'onopang'ono ndi kapanisi. Chitani izi pamwamba pa mbale kapena nsalu yoyera, chifukwa pansi pa kopulasitiki kotsetsereka pali kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo kakagwa pansi simukapezanso. Pukutani timizereto ndi kamtengo kotokosera m'mano kokulungidwa thonje lonyowetsedwa ndi isopropyl alcohol ya 99 peresenti, mpaka thonje litasiya kuda. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale asafike pafupi, amasiya utoto. Mukabwezeretsa, yezani ndi multimeter: switchi yoyera isafike omu imodzi. Pukutaninso masipuling'i a mabatire, ndipo ngati pali zoyera zouma zotsalira batire litatayikira, viniga pang'ono amazisungunula, kenako mutsuke ndi alcohol yomweyo. Makina akakana kuyaka zonsezi zitachitika, yezani fyuzi yolembedwa F1 musanakayikire china chilichonse.

Switchi yotsegulidwa motere yakhala miyezi yonseyi kanyali osayambiranso kusinthasintha.

Phokoso lilipo, ndipo silinathe. Mu sipika ndi m'mahedifoni mumamveka kulira kwapansipansi kumene kumakula mukakweza kuwala. Kutsuka switchi ndi gudumu la voliyumu kumachepetsa. Kusintha makapasita anayi a pa bolodi, CP1 mpaka CP4, kumachepetsanso pang'ono, koma ndi ntchito yofuna dzanja lozolowera, chifukwa mukakoka kapasita mtovu usanasungunuke bwino mumazula ndi kamkuwa ka pa bolodi komwe. Ngati mumasewera ndi sipika basi, asiyeni.

Fumbi ndilo limakwiyitsa. Pa V2 galasi la kutsogolo ndi sikirini n'zosiyana, pakati pali mpata. Ngati kasiponji komatira kozungulira sikirini kanasiya kampata ngakhale pakona imodzi, m'nyengo ya fumbi ya September ndi October mudzaona timadontho tikuchuluka mkati, ndipo pa sikirini yowala timaoneka kuposa kale. Amene akugula lero ndi bwino awonjezere ndalama atenge sikirini yomatidwa kale ku galasi. Galasi lenileni silinakandike. Lapulasitiki limayamba mikwingwirima m'mwezi woyamba.

Chigoba chakale chimafuna kusemedwa mkati kuti IPS ikwane. Pakatsala kamtunda ngakhale kochepa, kamakankha sikirini, ndipo poyamba simuona kanthu. Patapita nthawi pamatuluka banga loyera lomwe silichoka. Kumanga masikuluu mwamphamvu kumachitanso zomwezo. Mangani mpaka itangogwira, mubwerere m'mbuyo pang'ono. Kumbuyo kwa sikirini kukhale kophimbidwa ndi tepi ya Kapton, yosadutsa moto wa magetsi, kuti chitsulo chake chisakhudze bolodi.

Mawaya atatu osinthira kuwala amawotchereredwa pa timadontho ta pa bolodi: TP2 ya batani la SELECT, TP9 ya L ndi TP8 ya R. Akatalika amapanidwa ndi chigoba, ndipo batani la L limayamba kuchita ngati ladindidwa lokha. Aduleni mulingo wake n'kuwamata ndi tepi. Marabala a pansi pa mabatani amene amabwera ndi zigoba zatsopano ndi olimba ndipo D-pad yake (batani la mtanda) imaphonya mukadinda chopingasa. Akale aja, atatsukidwa ndi sopo n'kuumitsidwa, akugwirabe bwino kuposa atsopanowo, choncho musawataye.

Batire ya lithium yotchajira pa USB-C imachotsa vuto losinthasintha mabatire, koma nthawi zambiri imafuna kudula chipinda cha mabatire, ndipo ena mwa mabolodi ake amawonjezera phokoso lija. Chifukwa imapereka moto wosatsika mpaka kumapeto, kanyali kofiira sikachenjezanso monga kale, ndipo gemu imatha kuzima musanasunge pomwe mwafika. Pamakina amene switchi yake yatsukidwa, mapeya awiri a NiMH osinthana akukwanira, ina m'makina ina pa tchaja.