Gulu la parishi loyendera odwala m'makomo kuno ku Chikwawa, ndikulipatsa 4 pa 5

Anthu akhala akundifunsa ku inbox kuti kodi gulu lija limathandizadi kapena ndi zongobwera kudzaimba nyimbo basi, ndiye ndiyankhe pano kamodzi. Limathandiza, ndipo salipiritsa olo 1 kwacha.

Ife anatithandiza pa matenda a malume, khansa ya kummero, adokotala atanena kuti opaleshoni singathekenso. Amene amabwera ndi amayi ndi abambo odzipereka ochokera m'miphakati, ena a Legio, nthawi zina ndi nesi. Amasambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asachite zilonda zogonera, komanso anatiphunzitsa kumwetsa morphine wamadzi uja woletsa ululu pa nthawi yake osadikira kuti munthu ayambe kaye kubuula. Ndi kutentha kwa October kuno nyumba yamalata simungagonekemo wodwala masana, iwo ndi amene anati tiziwatulutsa pamthunzi ndi kumawanyowetsa milomo ndi kansalu.

Koma chomwe ndawapatsira ma marks ambiri ndi momwe anathetsera mkangano wa pabanja. Pa gulupu ya WhatsApp panali moto, ana a malume ali ku Joni akuti mukuwapha bambo athu, atengereni ku Queens ndalama titumiza, azakhali nawo akuti morphine ndi mankhwala omalizitsa munthu ndipo kwa Mkatolika ndi tchimo, pomwe eni akewo malume ananena okha kuti zokweranso phiri la ku Thabwa pa minibasi atopa nazo akufuna akhale pakhomo pawo. Akatekisiti anabwera nkutikhazika pansi, ena tikuwamvetsera pa foni. Anati Mpingo umakana kufupikitsa moyo wa munthu mwadala, pamenepo palibe zokambirana, koma kuleka chithandizo chomwe chikungomuzunza wodwala popanda chiyembekezo choti achira si kupha ayi, ndipo zili mu Katekisimu ndime 2278. Ndime yotsatira, 2279, imalola mankhwala oletsa ululu bola cholinga chisakhale imfa. Anawonjeza kuti phala, madzi ndi kumusamala izo sitileka bola thupi likulandira. Sanakondere mbali, a ku Joni aja anawauza mwaulemu kuti ndalamazo zigwire ntchito ya ma pampers, sopo ndi transport yokatenga mankhwala. Gulupu inazizira tsiku lomwelo.

Pomwe ndachotsa 1 ndi apa. Bambo mfumu kuwapeza ndi ntchito, ma outstation ndi ambiri iwo ndi ochepa, ndiye Sakramenti la kudzoza odwala tinadikira ndithu, mwamwayi anafika malume akadali kuyankhula. Ndipo wina wa mu komiti asanafunse nkomwe kuti odwala agona bwanji anayamba ndi kufunsa ngati kadi ya mtulo ili bwino. Zinandibowa heavy. Munthu ali pamphasa inu mukuwerenga ma risiti? Morphine nayenso samabweretsa, mumakatenga nokha kuchipatala, ndipo nthawi ya mvula kwa anzathu a ku East Bank, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, madzi akasefukira sindikuona kuti gululi lingafike pafupipafupi.

Ngati muli ndi wodwala musathamangire ku ofesi ya parishi, yambani mwauza wapampando wa mphakati wanu, zimayenda msanga. Ndipo bambo mfumu aitaneni wodwala akadali ndi mphamvu zolapa ndi kulandira Ukaristia, zoti akadzozedwa ndiye kuti amwalira mawa ndi mantha athu chabe, malume anakhala nafe mpaka Khirisimasi itadutsa.