Kashopu koyeza miyala pa Kasungu boma

Amene mumatola miyala yonyezimira kumunda nkumaganiza kuti mwalemera, kashopu aka kakuthandizani ndithu. Bambo ake ndi ofatsa, amayamba ayika mwala pa sikelo, kenako kagalasi kokulitsira, nkukanda pa thailosi yoyera kuti aone mzere wake. Wanga unasiya mzere wakuda mobiliwira, akuti ndi chalcopyrite, kopa ndi ayironi ndi salufa basi, golide amasiya wachikasu. Sanandinamize kuti andidye ndalama, apa ndawapatsa ulemu.

Chomwe chinandibowa nchoti nditafunsa za djerfisherite anangoti aaa bwana imeneyo ndiye iti. Komatu mwala umenewu mbiri yake ndi yakwathu konkuno, wasayansi wina anaufotokoza koyamba mu 1966 ataupeza mu mwala wogwa kumwamba wa Kota-Kota womwe unatoledwa ku Nkhotakota mu 1905, mu djerfisherite muli potaziyamu, kopa, ayironi, nikelo, salufa ndi kolorini pang'ono, ndipo umapezekanso ku Kola ku Russia. Ndi wosowa heve, timadontho take ntating'ono moti kagalasi kawo kaja sikangathe, pamafunika labu.

Mtengo ndi wabwinobwino koma mupite mmawa, masana amakonda kutseka.