Amethyst wa pa kaloja kaja ku Tete, gulani koma osati wa pawindo

Amene mumafunsa za kaloja ka miyala kali kufupi ndi mlatho wa Samora Machel kaja, amethyst wawo, mwala wokongola wa pepo uja, ndi weniweni ndithu. Ine ndinagulako ndolo za mlamu wanga wa ku Ulongwe ndi kachibulumwa kamodzi kosasema, ndipo mayi ake ogulitsawo anandilola kuyesa ndisanapereke ndalama. Mwalawu kulimba kwake ndi 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, ndiye umakanda botolo, ndinakandadi mzere unatsala. Ukauyang'ana powala mtundu wa pepowo sufanana ponse, kunsonga kumada kutsinde kumayererako, pomwe zagalasi zongopaka mtundu zimakhala chimodzimodzi paliponse nthawi zina muli tithovu mkati.

Chibulumwacho ndiye chandigwira mtima, nsonga zake zonse mbali 6 ngati wina anachita kusema koma ayi zinamera choncho. Ndi quartz ameneyu, mbale wake wa nsangalabwi tomwe timaponda kudambo, kungoti munalowa ayironi pang'ono kenako mphamvu ya radiation ya m'matanthwe nkumusandutsa pepo. Amakulira m'ming'alu ndi m'mphako za miyala momwe madzi okhala ndi silika, chomwe chimapanga quartz, ankadutsa pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Mayiwo sananame, akuti miyalayo si yokumba konkuno, amaoda ku Zambia, ndipo kumeneko ku Mapatizya chakufupi ndi nyanja ya Kariba migodi yake ilikodi. Zimphako zikuluzikulu za amethyst mumaona pa intaneti zija zambiri nza ku Brazil ndi Uruguay.

Chandipweteka nchakuti miyala yabwino ayiyala pawindo, dzuwa la ku Tete mukulidziwa inu, ndipo amethyst akakhalitsa padzuwa amafwifwa, ina yayamba kale kutuwa. Ukamuotcha kwambiri amafika posanduka wachikasu, citrine wambiri wa pamsika amapangidwa choncho. Ndiye auzeni akutulutsireni za mukabati.

Mnyamata wothandizira pakalojapo amauzanso makasitomala kuti mwalawu umatsitsa BP ndi kuletsa kuledzera, zoti umaletsa mowazo ankakhulupirira ndi Agiriki akalekale koma si mankhwala chonde, odwala musasiye mapilisi anu. Timatcheni tawo ntopepera, gulani mwala wokha tcheni mukapeze kwina. Mtengo amanenerera bwino, amalandira M-Pesa, ndipo mwalawu kutsuka kwake ndi madzi ofunda ndi sopo basi.