Daibutsu wa ku Kamakura: mkatimo musalephere kulowa

Amene muli ku Tokyo ndipo mwapeza tsiku lopuma, kwerani sitima ya ku Kamakura, ndi ola limodzi basi, mukatsika mukwerenso kasitima ka Enoden mpaka pa Hase kenako wapansi maminitsi 10 mwafika pa kachisi wa Kotoku-in. Pageti ndinalipira ma yen 300.

Ine ndimati ndikangojambula n'kubwerako, koma nditaona Daibutsu, kutanthauza Buddha wamkulu, ndinangoti kukamwa yasa. Chifanizo cha Amida Buddha chamkuwa, atakhala mopinda miyendo maso ali pansi, kutalika kupitirira mamita 11, ndipo anayamba kuchipanga mu 1252. Chomwe chandikhala mumtima n'choti kale chinali m'nyumba yaikulu, mphepo zamkuntho zinaigwetsa mu 1334 ndi 1369, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 chinatsala pamtetete ndiye mvula ndi dzuwa zakhala zikuchimenya zaka zoposa 500 mpaka mkuwa unasanduka wobiriwira, koma nkhope ili phee. Miyala yomwe panakhala nsanamira za nyumbayo ikadalipo pabwalo, anthu amapumirapo. Mukayang'anitsitsa tsaya lakumanja muona golide pang'ono, poti chonsecho chinali chokutidwa ndi golide.

Nde mkati! Chilibe kanthu mkati, mumawonjezera ma yen 50 n'kulowa pakakhomo ka m'mbali. Masitepe ndi opanikiza, muli kamdima, nthawi yotentha mumatuluka thukuta, koma mumaona ndi maso anu mizere momwe amisiri ankathira mkuwa chigawo ndi chigawo kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndi pakhosi pomwe analimbitsa cha m'ma 1960 poopa zivomezi. Ndinagwira khoma ndi dzanja, anthu amenewa analibe makina aliwonse abale.

Chinandiwawa ndi alendo anzanga ena, phokoso ndi ma selfie pomwe agogo ena patsogolo pawo afukiza lubani agwirizanitsa manja akupemphera. Kwa a Jodo, gulu la Chibuda la kachisiyu, Amida ndi amene amalandira aliyense woitana dzina lake, wosauka ndi wosaphunzira yemwe, ndiye pamalopo anthu amabwera ndi zakukhosi zenizeni, tiziwapatsa ulemu.

Pitani m'mawa, amatsegula 8 koloko, magulu asanadzaze. Potuluka muone nkhwaira zaudzu zopachikidwa pakhoma, zotalika pafupifupi mamita awiri, ana a m'chigawo cha Ibaraki ndi amene amaluka kuti Buddha akafuna kuyendera Japan asayende chosavala.