Sefa iti pa rauta ya m'malire: prefix-list, AS-path, RPKI kapena community?

Netiweki yapakatikati ya muno mu Harare nthawi zambiri imakhala ndi anansi a mitundu itatu pa rauta yake ya m'malire. Pali makampani oigulitsa intaneti, amene zingwe zawo zimatsikira ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge kapena kulowa mu Mozambique kudzera ku Mutare; pali anzake osinthana nawo mauthenga mumzinda momwe muno; ndipo pali makasitomala amene ali ndi nambala zawozawo za AS, zozindikiritsa netiweki iliyonse yodziimira payokha pa intaneti. BGP, ndondomeko imene marauta a manetiweki osiyana amauzirana nayo njira zofikira maadiresi, payokha siikayikira aliyense, moti njira iliyonse imene mnansi walengeza rauta imatha kuilandira ndi kuifalitsa, pokhapokha mwini wake ataika sefa. Tonse timavomereza kuti sefa ndi yofunika, koma tikakumana timasiyana pa funso lakuti ikhale iti.

Prefix-list ndi imene ambiri tinayamba nayo, ndipo kwa kasitomala sindinaonebe ina yoiposa. Mumalemba maadiresi amene kasitomalayo ali ndi ufulu wolengeza, ndi malire a utali wake (nambala yolembedwa pambuyo pa /, monga /24), ndipo china chilichonse chimakanidwa. Pa 24 February 2008, Pakistan Telecom inalengeza 208.65.153.0/24, kachigawo ka /22 ya YouTube, ndi cholinga chotseka tsambalo m'dziko mwawo mokha. PCCW, imene inkawagulitsa intaneti, inalandira njirayo ndi kuipereka ku dziko lonse, ndipo popeza rauta imasankha njira yolunjika kwambiri (/24 ndi yolunjika kuposa /22), YouTube inasowa kwa maola pafupifupi awiri. Mizere yochepa chabe ya prefix-list pakhomo la kasitomala uja ikanathetsa nkhaniyo isanayambe.

Vuto lake ndi lakuti imakalamba. Ine ndinadzutsidwapo usiku ndi kasitomala amene analandira maadiresi atsopano ku AFRINIC, bungwe logawa maadiresi a intaneti mu Africa, n'kuyamba kuwalengeza, koma mndandanda wathu wolemba pamanja unali usanasinthidwe. Cholakwa chinali changa. Kuyambira pamenepo ndimapanga mindandanda ndi bgpq4, imene imawerenga AS-SET (mndandanda wa nambala za AS) ya kasitomala mu IRR (makaundula amene eni manetiweki amalembamo njira zawo) n'kutulutsa prefix-list yokonzeka kuikidwa pa Cisco, Juniper kapena MikroTik. Komabe zimene zili mu IRR ndi zimene eni ake analemba, ndipo muli zambiri zakalekale zimene palibe amene anazifufuta, choncho ndimakhulupirira kwambiri kaundula wa AFRINIC, amene amagwirizana ndi umwini weniweni wa maadiresi, kusiyana ndi makaundula amene aliyense wolipira angalembemo. Kumbali ya kampani yokugulitsani intaneti, prefix-list singalembe njira zonse za IPv4, zimene tsopano zikuposa 900,000. Ntchito yake kumeneko ndi kukana zinyalala zokha: maadiresi am'nyumba (10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12, 192.168.0.0/16), maadiresi anu omwe, ndi chilichonse chotalika kuposa /24 pa IPv4 kapena /48 pa IPv6.

Sefa ya AS-path, yoona mndandanda wa nambala za AS zimene njira yadutsamo, imakopa anthu chifukwa ndi yaifupi ndipo sifuna kusinthidwa kawirikawiri, koma ili ngati lichero lobooka. Imayang'ana amene walengeza osayang'ana chimene walengeza, moti njira ija ya mu 2008 ikanadutsa bwinobwino, pakuti inachokeradi ku AS 17557 ya Pakistan Telecom. Ndimaigwiritsa ntchito ngati wothandizira chabe, pokana nambala za AS zam'nyumba, 64512 mpaka 65534, ndiponso njira yochokera kwa kasitomala imene ili ndi nambala ya netiweki yaikulu monga 174 ya Cogent kapena 3356 m'kati mwake, chifukwa kampani yaing'ono ya ku Msasa singakhale mlatho wopita ku Cogent.

RPKI, dongosolo lotsimikizira ndi siginecha amene ali ndi chilolezo cholengeza maadiresi, ndi imene ikutchulidwa kwambiri masiku ano, ndipo ikuyenera kutero. Mwini maadiresi amasaina chikalata chotchedwa ROA kudzera ku AFRINIC, chonena kuti ndi AS iti imene ili ndi chilolezo chowalengeza, ndi utali wotani. Pulogalamu monga Routinator kapena rpki-client imasonkhanitsa ma ROA onse n'kuwapereka ku rauta, ndipo rauta imagawa njira m'magulu atatu: zovomerezeka, zosavomerezeka, ndi zopanda ROA. Mumataya zosavomerezeka zokha. Ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale pa njira zonse za dziko, pamene prefix-list yalephera, ndipo simulemba kanthu pamanja. Kuno tiyenera kukumbukiranso za magetsi: seva ya pulogalamuyo ikazima kwa nthawi yaitali, rauta imaiwala ma ROA n'kuyamba kulandira zonse, choncho ndi bwino kukhala ndi maseva awiri m'malo osiyana.

Amene amanena kuti RPKI yathetsa zonse sanaone bwino zimene zinachitika pa 12 November 2018, pamene MainOne ya ku Nigeria inatulutsa mwangozi njira za Google kupita ku China Telecom, ndipo mauthenga a anthu ambiri anasochera kwa nthawi yoposa ola limodzi. Pa njira zimenezo AS yoyambira inali idakali ya Google, kotero kuti sefa yoona chiyambi chokha sikanapeza cholakwa. Chimene chinalakwika chinali khomo limene njirazo zinatulukira. Ngozi imeneyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi ife, chifukwa netiweki iliyonse yokhala ndi makampani awiri oigulitsa intaneti ingathe kutenga njira za mmodzi n'kuzipereka kwa mnzake, ndipo kachingwe kake kakang'ono kamadzaza nthawi yomweyo.

Pa khomo lotulukira, ndiye, mpikisano weniweni uli pakati pa prefix-list ndi community, ndipo ine ndimasankha community. Ambiri amalemba maadiresi a makasitomala awo mu prefix-list yotulukira n'kuganiza kuti atha, koma pali msampha. Chingwe cha kasitomala chikaduka, ndipo iye ali ndi kampani ina yomugulitsa intaneti, rauta yanu imamva za maadiresi omwewo kuchokera kunja, prefix-list imawazindikira ngati ololedwa, n'kuwalengeza kwa kampani yanu yachiwiri. Mwasanduka mlatho wa mauthenga amene palibe akukulipirani. Community imapewa zimenezi chifukwa njira iliyonse imadindidwa chizindikiro pakhomo polowera, chonena ngati yachokera kwa kasitomala, kwa mnzanu kapena kwa wokugulitsani, ndipo route-map (mndandanda wa malamulo olola kapena okana njira) yotulukira imangolola zanu ndi za chizindikiro cha kasitomala. RFC 9234 (chikalata cha miyezo ya intaneti) ya mu 2022 inaika nzeru yomweyi m'kati mwa BGP, koma si rauta iliyonse imene tili nayo kuno imaidziwa.

Pa maximum-prefix, malire a chiwerengero cha njira zimene rauta ingalandire kwa mnansi, palibe chokangana: ikani pa kasitomala ndi mnzanu aliyense, pa nambala yoposa pang'ono njira zimene mukuyembekezera. Onaninso khalidwe la rauta yanu pamene palibe sefa iliyonse. RFC 8212 ya mu 2017 imati mnansi wakunja wopanda sefa asalandire kapena kupereka kanthu, ndipo mapulogalamu a rauta a IOS XR ya Cisco ndi FRRouting yatsopano amatero, pamene IOS yakale ya Cisco imalengeza zonse zimene ili nazo. Pa rauta yotereyi ndimayamba ndatseka mnansi ndi shutdown, n'kuika route-map mbali zonse ziwiri, kenaka n'kumutsegula.