Juwisi wa aronia: mufiriji, mufiriza, kapena pamoto?

Aronia, tizipatso takuda tomera pa zitsamba, imapsera pamodzi. Ku Poland, dziko lomwe limalima zipatsozi kuposa lina lililonse, amathyola kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala, ndipo amene ali ndi zitsamba zingapo kuseri kwa nyumba amangozindikira wafinya malita 5 tsiku limodzi. Koma juwisi ameneyu samwedwa mogubudiza. Amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa chifukwa ali ndi tannin wambiri, chinthu chachilengedwe chopezeka m'zomera, komanso ali ndi sorbitol, chotsekemera chachilengedwe cha m'zipatso, yemwe amatsegula m'mimba mukachulutsa. Ambiri amamwa mamililita 50 mpaka 100 patsiku, atasakaniza ndi madzi kapena juwisi wa maapozi. Pa mlingo umenewo malita 5 aja akutengerani miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kasungidwe kake ndi nkhani yaikulu.

Za firiji tisachulutse gaga m'diwa. Juwisi wongofinya kumene, wosatenthetsa, mumwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, ali m'botolo lagalasi lotseka bwino pa madigiri 4. Mukapitirira apo amayamba kusasa, kuchita thovu, mwinanso chuku pamwamba. Kuwawasa kwake kusakunamizeni kuti sangawonongeke. Firiji ndi ya juwisi yemwe mukumwa sabata ino basi.

Ine ndimakonda firiza, ndipo sindibisa. Pa madigiri -18 juwisi amakhala miyezi ingapo, ndipo akasungunuka amakoma pafupifupi ngati tsiku lomwe munamufinya. Mtundu wake wakuda mofiirira uja umachokera ku anthocyanin, utoto wachilengedwe wa m'zipatsozi, amene amachepa ndi kutentha, kuwala komanso mpweya, ndipo mufiriza zitatu zonsezi sizimupeza kwenikweni. Chofunika ndi kugawa pang'onopang'ono. Thirani m'timathireyi topangira ayezi, akauma mukhuthulire tizidutswato m'kathumba kapulasitiki kotseka. M'mawa mutenga tiwiri kapena titatu, muponya m'tambula ya madzi kapena mu yogati, mwathana nazo. Mukaumitsa botolo lonse la lita imodzi, tsiku lomusungunula mwabwereranso ku vuto la masiku atatu lija. Ngati mwasankhabe mabotolo, akhale apulasitiki ndipo musadzadze mpaka kukamwa, chifukwa madzi akaundana amakula ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Lagalasi lodzaza limasweka.

Firiza ili ndi zovuta zake. Imadya malo a nyama ndi nsomba, ndipo imadalira magetsi. Juwisi amene wasungunuka n'kukhala wofunda tsiku lathunthu musamubwezeremo.

Apa ndi pomwe kutenthetsa kumapambana. Mumatenthetsa juwisi mpaka madigiri 80 kapena 85, osafika powira, n'kumuthira akadali wotentha m'mabotolo omwe mwawawiritsa kale, mpaka kukamwa, kenako n'kutseka nthawi yomweyo. Pamafunika choyezera kutentha. Kungoyang'ana nthunzi ndi maso sikokwanira: akachepa moto adzasasa m'botolo, akawira mwamupha kukoma. Akatsekedwa bwino amakhala pafupifupi chaka pamalo ozizira ndi amdima, popanda magetsi. Kunena chilungamo, kakomedwe kamasinthako, kamamveka kophika, ndipo anthocyanin wina amatayika pamoto, wina akamakhalitsa pashelefu. N'chifukwa chake mabotolo akuda, omwe amatchinga kuwala, amaposa oonekera m'kati.

Pa njira yotenthetsayi, ku Germany, Austria ndi Poland ambiri amakonda bag-in-box, thumba la malita 3 kapena 5 lokhala ndi kampopi, lomwe limakhala m'katoni. Mukamathira, thumba limafota osalowetsa mpweya, ndiye ngakhale mutayamba kumwa, juwisi amakhala masabata angapo. Botolo mukangolitsegula, liyenera kulowa mufiriji ndipo limalizidwe m'masiku ochepa. Kwa munthu womwa kakapu kakang'ono patsiku, thumba limaposa botolo lalikulu kutali. Popanda matumbawo, gwiritsani ntchito timabotolo ta mamililita 250.

Palinso njira ya m'makhitchini a ku Poland yomwe imakomera ana ndi aliyense wodana ndi kuuma kwa m'kamwa: kuphika zipatsozo pamodzi ndi masamba a mtengo wa cherry, kusefa, n'kuthira shuga ndi mandimu. Chotulukacho ndi chokoma zedi ndipo chimasungika bwino, koma ndi sikwashi wothira madzi, si juwisi wofinya. Amene akupewa shuga adziwiretu.

Ngati firiza yanu ili ndi malo, ganiziraninso zoumitsa zipatso zenizenizo m'malo mwa juwisi. Kuzizira kumaphwanya mnofu wake, ndiye zikasungunuka zimatulutsa madzi ambiri, ndipo kuuma kwa m'kamwa kuja kumachepako. Mumangofinya zokwanira masiku awiri, zotsalazo zili phee mufiriza. Pofinya valani zam'manja ndi chovala chakale, chifukwa utoto wa aronia ukagwira nsalu suchoka msanga.